Khadi la Joel

Lachitatu, 2 Okutobala 2024

Tsiku la sikelo. Ndinafika pamtengo wa mango seveni isanakwane, dzuwa litayamba kale kuluma. Chingwe ndinangoponya kamodzi, chakola. Nthambi ija chingwe chakhala chikuidya kuyambira 1979, moti pano chili ndi kanjira kake, chimangolowa chokha.

Ana 63. Mmodzi anandikodzera pachitenje, amake m'malo mopepesa akuseka, ati "wakudalitsani, Amai a Sikelo." Madalitso onunkha chonchi ndalandira ambiri.

Sista Precious anali mkati ndi majekeseni, ine panja ndi sikelo, monga kale ndi kale. Precious yemweyu ndinamupachika panthambi yomweyi mu 1984, ali kamwana kolira ngati kambuzi. Lero ndi sista, akundiuza kuti "Amai, nkhalaniko pansi mupumule." Ndipume ndalima kuti?

Womaliza anali Tryness wa kunjira ya ku Mkaika ndi Joel wake wa miyezi khumi ndi umodzi. Mtsikana wofatsa, mawu ake ochita kuwafunafuna. Mwamuna wake Damiano ali ku Vubwi, akugula soya kumalire, iye anatsala kwa apongozi. Ponyamula Joel kuti ndimulowetse m'kabudula wa sikelo, manja anga anamva ngati wapepuka. Ndinalemba 8.1. Tryness anafunsa, "Akukwera, amai?" Ndinati akukwera, pitiriza phala.

Lachinayi, 3 Okutobala

Nyumba ili zii. Tsiku lotsatira sikelo limakhala chonchi, makutu akadali kufuna phokoso la dzulo.

Ndilembe pano, popeza buku ili palibe amaliwerenga, ngakhale ine mwini sindithanso kuwerenga masamba a chaka chatha. Muvi wa sikelo ndimauona, koma timizere ndi timanambala ayi. Kuyambira Meyi nkhope ya sikelo imangooneka mbee, ngati ndikuyang'ana m'utsi. Ndiye ndimachita chonchi. Khadi ndimalibweretsa pafupi ndi mphuno, n'kuona nambala yomwe ndinalemba mwezi watha (malemba anga akula ngati a mwana wa giredi wani), kenako ndimayang'ana mwana, kuyang'ana muvi uli cha pati, n'kuwonjezerapo pang'ono. Ana amakula, ndi ntchito yawo. Zaka 45 ndikunyamula ana, sindingaphonye kwambiri.

Reuben anaimba foni kuchokera ku Lusaka, mphindi zitatu. "Amama, maso ali bwanji? Bwerani kuno tikawaonetse." Ndinati maso ali bwinobwino, akuona ngakhale kuti mwana wanga wobala ndekha sanaponde kuno chichokereni Isitala. Anaseka, ati ali mu mitingi.

Ndikapita ku Lusaka sikelo aipatsa wina. Ndikabwerako adzandipatsa mpando ndi ulemu, basi.

Lamulungu, 6 Okutobala

Kutchalitchi ndinakhala ndekha pabenchi yathu. Malo a mnzanga Judith palibe akhalapo chimwalirireni mu Juni, kaya akuopa chiyani. Judith ndiye anali munthu womaliza kunditchula kuti Dinnah. Mwamuna wanga Obed anapita nalo dzinalo mu 2009, Judith n'kupita ndi lotsala. Pano ndine Amai a Sikelo kwa aliyense, ngakhale kwa abusa.

Titatuluka a Josephat, apampando a komiti ya zaumoyo, anandikokera pambali. Ati pa 24, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lathu, kuboma akufuna kundipatsa satifiketi pamaso pa anthu, ndiwauze mbiri yanga alembe. Ndinawauza: ndinaphunzitsa amayi kulemba mayina awo pansi pa mtengo, ndinayenda wapansi kuwerenga anthu pa kalembera kawiri, ndinakhala khansala zaka zisanu n'kutukwanidwa zaka zisanu chifukwa cha zimbudzi za pamsika, ndipo zaka za maliro aja, anthu akuopa kukhudza odwala awo omwe, ine ndi Judith tinkawasambitsa. A Josephat akulemba, cholembera chikutha inki, akuchipukusa. Ati "Amai, pang'onopang'ono, pepala ni imodzi chabe."

Ndinakondwa, ndisaname. Ndinabwera kunyumba ndikuyimba, n'kupeza palibe womuuza.

Lachitatu, 9 Okutobala

Magetsi kulibe chiyambire dzulo. Lero ndalankhula ndi nkhuku zokha, nazonso sizinandiyankhe bwino.

Lolemba, 14 Okutobala

Joel amugoneka kuchipatala chachikulu.

Ndinapita kukiliniki kukasiya akabudula awiri omwe ndinasoka, ndinapeza Precious nkhope ili gwa. Ati Tryness anabwera naye mmawa, mwana akutsegula m'mimba, khosi lili lende. Kalamba koyezera mkono kanafika pofiira. Pasikelo ya mkati, ija ya manambala owala, 6.6.

Precious anapsa mtima zedi. "Amai, onani khadi. Pa 2 anali 8.1, lelo 6.6. Masiku thwelofu chabe! Uja mtsikana anali kumupatsa chani mwana? Namukalipira, sininamusiye." Anandionetsa khadi, ine n'kuligwira patali ngati munthu woona. Ndinangoti mmm.

Pobwerera ndinkawerengera ndekha mumtima. Mwana sataya kilo ndi theka m'masiku khumi ndi awiri osafa. Ndikudziwa, ndipo Precious mtima ukamutsika adzadziwanso.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Ndinatseka geti, n'kupachika sikelo pamtanda wa khonde. M'kabudula ndinaikamo chigubu cha madzi cha malita asanu. Ndikudziwa kuti ndi 5, ndiye maso anavomera kuti 5. Kenako ndinaponyamo miyala yosawerenga, ndikuyang'ana kumbali, n'kuyang'ananso muvi. Kaya 6, kaya 7. Ndinakwera pampando wa Obed mpaka mphuno kugunda galasi, ndiye ndinaona 7.4. Pamtengo wa mango sindingakwere mpando amayi 60 akundiyang'ana.

Ndinakhala pakhonde nthawi yaitali, chigubu chikulendewera. Obed akanakhalapo akanati "Dinnah, tsika pamenepo uthyoka," n'kuyamba kuseka, ndiye ine n'kumuuza zonse.

Lachinayi, 17 Okutobala

Pamsika, pogula tomato. Amayi awiri kumbuyo kwanga, sanadziwe kuti makutu anga sanakalambe.

"Ati ni tsempho."
"Nanga chani? Khadi ionetsa mwana anali kukwera bwino mwezi na mwezi. Njala siigwetsa mwana tsiku imodzi."
"Mwamuna ali ku Vubwi miyezi inayi. Manje mwana wamusempha ndani?"

Anaseka. Tomato ndinamusiya pomwepo.

Nkhani ndi iyi. Apongozi a Tryness, aMake Damiano, akuti mwana wathanzi akagwa mwadzidzidzi chonchi ndiye kuti mayi wake anayenda ndi mwamuna wina n'kudzagwira mwana ali wotentha. Umboni wawo ndi khadi. Khadi langa, manambala anga akuluakulu: 7.3, 7.5, 7.7, 7.9, 8.1, kukwera bwinobwino ngati masitepe a kubanki. Damiano amuimbira kuti abwere. Akuti mwana akatuluka, Tryness amubweza kwawo ku Sinda.

Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza amayi kuti asamathamangire tsempho, aziyang'ana khadi, khadi silinama. Anandimvera. Lero akuyang'ana khadi.

Loweruka, 19 Okutobala

Ndinakwera minibasi kukaona Joel. Kondakitala ati "Amai a Sikelo nkhalani kutsogolo, munanipima ine." Onse ndinawapima, palibe amabwera kudzakhala pakhonde.

Joel ali ndi kapaipi pamphuno. Timikono ngati timitengo ta chinangwa. Mwana uyu sanawonde sabata ino, wakhala akutha kuyambira kale, ngakhale wakhungu ngati ine akuona. Tryness anali pansi pambali pa bedi, ataphimba mapazi ndi chitenje. Atandiona anadzuka, n'kugwada, n'kundilandira nthochi ndi manja awiri.

Anati, "Amai, inu ndinu mboni yanga. Munamuona mwezi uliwonse. Ine sindinayende ndi munthu, ndilumbire pa mwana uyu."

Ndinati ndikudziwa, mwanawe.

Kenako ananena mawu omwe ndabwera nawo mpaka kuno. "Ine ndinkaona ngati akuchepa, amai. Pomubereka kumbuyo ndinkamva. Koma khadi linkati akukwera, ndiye ndinati kapena maso anga ndiwo akunama."

Ndinamuuza kuti azimupatsa mkaka uja wa anesi pa nthawi yake. Ine, Dinnah Mvula, amene ndinaimirira m'khonsolo kuloza chala amuna ovala masuti, ndinalephera kuuza mtsikana wa zaka 19 mawu atatu. Manyazi andigwira mpaka sindikufuna kudziona pagalasi, mwayi wake sindidziona kale.

Lolemba, 21 Okutobala

Reuben watumiza diresi la pa 24 pa basi. Lobiriwira, lalikulu, mwina akuganiza kuti amake ananenepa. Iye sabwera, ntchito.

Mmawa wonse ndimadzinyengerera. Ndimati ndidikire 24 ipite, ndilandire pepala langa, ndikanene Lachisanu. Masiku anayi okha, zaka 45 sizingandigulire masiku anayi? Joel ali m'manja mwa madokotala, kunena kwanga sikumuwonjezera kilo.

Masana mkazi wa a Josephat anadutsa kudzabwereka sefa, n'kunditsina khutu kuti Damiano wafika dzulo, kuchipatala sanapiteko. Ankhoswe akumana Lachitatu, malume a Tryness akuchokera ku Sinda. Lachitatu ndi 23.

Diresi ndalibweza m'pulasitiki.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Ndamuuza Precious.

Ndinadikira odwala athe, ndinalowa, n'kutseka chitseko ndekha. Ndinati mwana wanga, sikelo sindikuiona. Anayamba waseka, amaganiza kuti ndi nthabwala zanga. Ndiye ndinamufotokozera za kuwonjezera pang'ono. Analoza kalendala ya pakhoma, ati "Amai, belengani apo." Ndinati ndikuona kuti ndi kalendala.

"Kuyambira liti?"

"Meyi."

"Meyi! Amai, ana sikisite mwezi uliwonse! Ine nili mukati muno nakudalirani, sininayang'anepo na kamodzi pa nambala yanu chifukwa ni imwe. Uja mtsikana ninamukalipira pamaso pa anthu, ninamuuza ati afuna kupha mwana!"

Misozi inali mbwee, koma mawu anali a sista, osati a kamwana kanga ka 1984. Ati ana onse tiwaitana tiwapimenso, ndipo alemba lipoti. Ndinati lemba, dzina langa ulilembe bwino, Dinnah ali ndi ma n awiri. Sanaseke.

Potuluka anandifunsa kuti bwanji simunanene. Ndinati ndikanena, Lachitatu loyamba la mwezi ndizipita kuti? Yankho langalo ndi lochepa kwambiri poyerekeza ndi timikono ta Joel, ndinalimva kuchepa likutuluka m'kamwa.

Lachitatu, 23 Okutobala

Ndinakwera njinga ya kabaza mpaka kumudzi kwa aMake Damiano, fumbi mpaka m'mano. Ndinapeza akhala kale pansi pa nkhokwe yopanda kanthu: ankhoswe awiri, malume a ku Sinda chipewa chili pabondo, Damiano, amake, ndi Tryness pamphasa payekha. Mwana anamusiyira azakhali ake kuchipatala. Khadi linali m'manja mwa apongozi.

Anandilandira ndi ulemu wonse, kundipatsa mpando. AMake Damiano anati, "Mwachita bwino kubwera, amai. Tawauzani anthuwa, mwana sanali kukwera kodi?"

Ndinakana mpando. Ndinati manambala ali pakhadipo ndinalemba ndine, ndipo ndi abodza. Maso anga anafa mu Meyi, ndinabisa. Mwanayu sanagwe mwadzidzidzi, wakhala akutsika pang'onopang'ono miyezi isanu, chaka cha chilala chino, phala la madzi okhaokha, ine ndikulemba kuti akukwera. Ndikanawerenga bwino, bwenzi mu Julayi atayamba kulandira chiponde kukiliniki. Palibe anamusempha. Ngati mukufuna womuloza chala, ndaima pano.



AMake Damiano anatembenuza khadi uku ndi uku. "Ndiye kuti inu, Amai a Sikelo, mwatinamiza miyezi isanu?" Ndinati inde. Anati kaya, iwo za tsempho sanazichotse mumtima, koma mawu anali atatha mphamvu. Malume a ku Sinda anavala chipewa chawo, ati ngati umboni unali khadi, ndiye mlandu palibe, mwana wawo sapita kulikonse. Damiano anafunsa amake kuti minibasi ya kuchipatala imadutsa nthawi yanji.

Ndinkayembekeza chiyani kwa Tryness, kaya. Sanalire. Anandiyang'ana m'maso koyamba chimudziwireni, n'kunena motsitsa, "Ndinakufunsani mwezi uliwonse. Munkati pitiriza phala."

Anadzuka, n'kupinda mphasa. Pobwerera ndinayenda wapansi mpaka pamsewu waukulu, palibe anandiperekeza.

Lachinayi, 24 Okutobala

Sindinapite. Zokuzira mawu za kuboma zimamveka mpaka pakhonde pano, ng'oma, ana a sukulu akuyimba. Mu 1964 ndinali m'gulu loyimbalo, ndili ndi zaka 19, msinkhu wa Tryness.

Cha m'ma fili koloko a Josephat anabwera ndi envulopu, thukuta lili kamukamu m'jekete. Ati dzina linaitanidwa kawiri, anthu anaomba m'manja, ena sanaombe. Ati komiti inakambirana mmawa, inaona kuti zaka 45 ndi zaka 45. Anafuna kundiwerengera. Ndinati ikani pathebulo. Anakhala pang'ono, kukamba za mvula kuti kaya chaka chino, n'kupita.

Pepala lolimba bwino, m'mphepete muli golide. Zolembedwazo sindikuziona.

Lolemba, 28 Okutobala

Precious wapimanso ana onse masiku atatu. Apezeka ena awiri otsika, koma osafika pa Joel, ayamba chiponde. Sanabwere kudzandiuza yekha, anatuma mawu kudzera kwa mkazi wa a Josephat.

Pamsika moni wafupika. Kale tomato wa mphindi zisanu ankanditengera ola. Lero ndapita n'kubwera madzi a tiyi asanazizire.

Ndamuimbira Reuben, ndamuuza zonse. Ati "Amama, nibwera pa 9 kukutengani." Ndavomera. Foni inatenga mphindi makumi awiri, sindikumbuka kuti tinalankhulapo chonchi liti.

Lachisanu, 1 Novembala

Joel watuluka. Ndamva kwa kondakitala.

Lachitatu, 6 Novembala

Sikelo imagona kwanga chiyambire, ndiye ndinayenera kuipereka ndekha. Ndinaikulunga m'chitenje pamodzi ndi akabudula onse asanu ndi awiri, ochapa, osita. Ndimati ndikaisiya pakhomo la kiliniki anthu asanabwere, koma miyendo inandipititsa kumtengo wa mango. Ndinaponya chingwe, chakola.

Amayi anayamba kufika, kukhala pamzere, moni wa pansipansi. Precious anatuluka ndi thebulo ndi cholembera, ati lero majekeseni adikira, awerenga yekha. Anandiyang'ana, ine n'kumuyang'ana. Sanandithamangitse, sanandiitanenso. Ndinakakhala kumapeto kwa benchi, manja pamiyendo. Ana khumi anapimidwa ndikungomva manambala. Precious kabudula samudziwa bwino, mwendo wa mwana umodzi umatsalira kunja, ana akulira kuposa masiku onse. Lilime linkandiyabwa koma ndinalimeza.

Tryness anafika cha m'ma naini, Damiano ali kumbuyo ndi ambulera. Mzere wonse unatembenuka. Itafika nthawi yake anamasula Joel kumsana, Precious n'kutambasula manja. Joel ataona yunifomu yoyera anakuwa, kukumbuka majekeseni a kuchipatala, kudzipinda ngati nsomba. Anayesa kawiri, osalowa.

Tryness anayang'ana kubenchi. Anabwera, n'kuima patsogolo panga, osagwada.

"Mulowetseni inu, amakuzolowerani," anatero. "Koma musawerenge."

Ndinamulandira. Manja anga anamva pomwepo kuti wabwerako, kumatako kwayamba kudzaza, ndipo nambala inafika yokha pamilomo. Ndinailuma. Ndinamulowetsa miyendo yonse iwiri kamodzi, n'kumupachika, n'kutembenukira kumsewu kuti muvi ukhale kumbuyo kwanga.

Precious anati, "7.2."

Tryness sanafunse Precious, sanafunsenso ine. Anasendera yekha pafupi ndi sikelo, n'kuimirira pa zala, chala chake chikutsata timizere mmodzimmodzi mpaka pomwe muvi unaima. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anamutsitsa mwana wake, n'kupereka khadi kwa sista.

Ine ndinabwerera kubenchi. Mayi wotsatira anali ataima kale ndi mwana m'manja, akuyang'ana ine, akuyang'ana Precious, osadziwa kuti apatse ndani.